NGONGOLE NDI LIPENGA: MMENE QUINCY JONES ANAKHALIRA PULODYUSA

Iyi ndi ija yaitali, ndiye amene foni yatsala ndi moto pang'ono yambani mwaibaya pa chaji. Lero za mwera ndi mtengo wa petulo tazisiya kaye. Ndikufuna tikambe za munthu amene ambiri a ife tinavinapo ntchito zake koma dzina lake osalidziwa. Amene munakulira m'mavidiyo sho mukuikumbuka Thriller ya Michael Jackson, ija ya mitembo yodzuka kumanda n'kumavina. Michael tonse timamudziwa. Koma kuseri kwa chikuto cha chimbale chimenecho kunalembedwa dzina la amene anayendetsa ntchito yonseyo mu situdiyo, ndipo ndi Quincy Jones. Mkuluyu anamwalira pa 3 Novembala 2024 ku Los Angeles ali ndi zaka 91.

Ndalemba izi makamaka chifukwa cha inu amene muli ndi kalaputopu ndi maikolofoni kuchipinda, mukupanga mabiti, anthu akukutchulani kuti pulodyusa. Quincy anapambana mphoto za Grammy 28, koma ine chimene chinandikoka si zikhozo. Ndi choti ntchito ya upulodyusa anaipeza atataya zinthu ziwiri: ndalama mu 1960 ndi lipenga lake mu 1974.

Tiyambe kuchiyambi. Anabadwa pa 14 Malichi 1933 ku Chicago, dera la South Side, kumene kunkakhala anthu akuda ambiri osauka. Bambo ake anali kalipentala. Mayi ake anadwala matenda a maganizo ndipo anakagonekedwa kuchipatala iye akadali mwana. Mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, bambo ake anapeza ntchito pamalo okonzera sitima zankhondo za pamadzi ku Bremerton, m'chigawo cha Washington, banja n'kusamukira komweko. Ndiye anali mwana wa padoko ngati ife tomwe, kungoti lake linali la sitima zikuluzikulu.

Iye mwini ankafotokoza kuti ali ndi zaka 11, iye ndi anzake anathyola nyumba ina yochitirako zisangalalo kuti akabe zakudya. Akusuzumira m'zipinda anapeza piyano pakona. Atangoigwira, basi mtima unakhala pomwepo. Anayesa zida zingapo kusukulu, pomaliza n'kukhazikika pa lipenga. Banja litasamukira ku Seattle anakumana ndi mnyamata wosaona, wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, amene ankadzilipirira yekha nyumba ndi ndalama za kuimba. Dzina lake Ray Charles. Ameneyu ndi mmodzi mwa amene anamutsegula mutu pa nkhani ya kusanja nyimbo.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona luso la mkuluyu. Bandi yaikulu ya jazz imakhala ndi anthu 16 kapena 18: a malipenga, a masakisafoni, wa ng'oma, wa bezi, wa piyano. Aliyense akamaliza zimene zili m'mutu mwake, chimene chimatuluka ndi phokoso la pamsika. Wosanja nyimbo ndi amene amakhala pansi ndi pensulo n'kulembera chida chilichonse zoti chilize, pati chilowe, pati chikhale chete. Quincy anayamba kuchita zimenezi asanakwane zaka 20. Anapita kukaphunzira ku Boston, pasukulu imene lero ikutchedwa Berklee, koma sanamalize chifukwa Lionel Hampton anamutenga mu bandi yake. Mu 1953 anayenda naye ku Ulaya. Mu 1956 anali woyendetsa nyimbo mu bandi ya Dizzy Gillespie paulendo wa ku Middle East ndi South America. Mu 1957, ali ndi dzina kale, anapita ku Paris kukakhalanso mwana wasukulu kwa mayi wina wotchuka pophunzitsa olemba nyimbo, Nadia Boulanger, uku akugwira ntchito ku kampani ya zimbale ya Barclay. Izi muzisunge, aise: munthu woti wayenda kale ndi Dizzy akubwerera pa benchi kukaphunzira.

Tsopano ngongole ija. Chakumapeto kwa 1959 anasonkhanitsa bandi ya anthu 18, akatswiri okhaokha, kuti aziimba m'sewero la pasiteji lotchedwa Free and Easy limene linkayenda ku Ulaya. Seweroli linagwa ku Paris mu Febuluwale 1960. Quincy ali ndi zaka 26 basi. M'malo mouza aliyense kuti tiyeni kwathu, anasankha kuti bandi isabalalike. Anayenda nayo mayiko a ku Ulaya kwa miyezi yambiri, akusakasaka okha malo oimbira, ena ali ndi akazi ndi ana awo paulendo womwewo. Kulikonse anthu ankawaombera m'manja, olemba nyuzi akuti bandi ngati imeneyi kulibenso. Koma ndalama za pakhomo sizinkakwana tikiti ya sitima, hotela ndi malipiro.

Ife tikudziwa mmene zimakhalira zimenezi. Boti likhoza kukhala labwino, injini yatsopano, ukonde wopanda chibowo, alovi amphamvu. Koma ngati mafuta mwatenga pangongole ndipo usipa sunapezeke masiku khumi, alovi adyabe, mwini mafuta abwerabe. Quincy anabwerera ku America ali ndi ngongole ya madola pafupifupi 145,000, ndalama za nthawi imeneyo, ndipo zinamutengera zaka kuti aimalize. Pambuyo pake ankakonda kunena kuti kumeneko ndi kumene anazindikira kuti kuli nyimbo, komanso kuli bizinesi ya nyimbo, ndipo ziwirizi n'zosiyana. Choyambacho ankachidziwa bwino. Chachiwiricho chinatsala pang'ono kumumiza.

Amene anamuvuula ndi Irving Green, mkulu wa kampani ya Mercury Records. Anamubwereka ndalama n'kumupatsanso ntchito mu ofesi ku New York mu 1961, yofufuza oimba ndi kuyang'anira kujambula. Katswiri wa jazz uja anayamba kuvala taye, kuwerenga makontirakiti, kuona kuti chimbale chimodzi chikagulidwa ndalama imagawika bwanji, amadya zambiri ndani, amatsala ndi nyenyeswa ndani. Anzake ena mu kampanimo ankati nyimbo zake n'zokoma koma sizigulidwa. Yankho lake linali mtsikana wa zaka 16, Lesley Gore, ndi nyimbo ya It's My Party mu 1963. Atangoijambula anamva kuti pulodyusa wina, Phil Spector, akufuna kutulutsa nyimbo yomweyo ndi gulu lake. Quincy sanagone. Anadinditsa makope mwachangu n'kuwatumiza kumawailesi, ndipo nyimboyo inafika pa nambala 1 mu America. Mu 1964 anakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mkulu wa Mercury, mmodzi mwa anthu akuda oyambirira kufika pampando wotero mu kampani yaikulu ya azungu. Chaka chomwecho anasanja nyimbo za chimbale cha Frank Sinatra ndi bandi ya Count Basie, momwe muli Fly Me to the Moon.

Wina akanakhala phee pampandopo mpaka penshoni. Iye anausiya n'kupita ku Los Angeles kukalemba nyimbo za m'mafilimu. Khomo linatseguka ndi filimu ya The Pawnbroker, ya Sidney Lumet, mu 1964. Nthawi imeneyo ku Hollywood kunali maganizo oti munthu wakuda akhoza kuliza jazz, koma sangalembere gulu lalikulu la mavayolini. Iye ankasimba kuti pa filimu ya In Cold Blood ya 1967, wolemba buku lake, Truman Capote, anadandaula kuti ntchito yapatsidwa kwa munthu wakuda, koma wotsogolera filimuyo, Richard Brooks, anakana kumuchotsa. Nyimbo za filimu imeneyo zinalowa pampikisano wa Oscar. Chaka chomwecho anachitanso In the Heat of the Night ya Sidney Poitier, ndipo woimba nyimbo yotsegulira anali mnzake wakale uja, Ray Charles. Mafilimu amene anawalembera nyimbo anaposa 30, kuphatikizapo The Italian Job ya 1969. Pa TV anachita nyimbo zotsegulira Ironside ndi Sanford and Son. Mufilimu anaphunziramo chinthu china: nyimbo iyenera kutumikira chithunzi, ilowe pa sekondi yake, ituluke pa sekondi yake, wolemba asaonekere.

Kenako 1974. Mtsempha wa magazi unaphulika mu ubongo mwake. Madokotala anamuchita opaleshoni, n'kupezanso mtsempha wina woti ukhoza kuphulika, n'kumuchitanso yachiwiri. Anzake anali atataya mtima moti anakonza mwambo womukumbukira ku Shrine Auditorium ku Los Angeles. Mkuluyu sanafe, ndipo anakapezekapo yekha pamwambo wa maliro ake, dokotala ali pambali kumuuza kuti asatengeke kwambiri. Koma anatuluka ndi lamulo limodzi: asadzalizenso lipenga, chifukwa mphamvu youzira ikanatha kugwedeza tizitsulo timene anamanga nato mitsempha m'mutumo. Taganizani, zaka 41, chida chimene wachigwira kuyambira ali mwana, basi chipachikidwe pakhoma. Chimene anatsala nacho ndi khutu, pensulo ndi kudziwa anthu. Ntchito zake zazikulu kwambiri zonse zinabwera pambuyo pa apa.

Mu 1977 pa TV ya ABC panaonetsedwa Roots, yochokera m'buku la Alex Haley, nkhani ya Kunta Kinte amene anagwidwa ukapolo ku Gambia. Gawo lomaliza linaoneredwa ndi anthu pafupifupi 100 miliyoni. Quincy anachita nyimbo za gawo loyamba, la ku Africa, ndipo sananamizire kuti za kuno amazidziwa yekha. Anagwira ntchito ndi Caiphus Semenya ndi Letta Mbulu a ku South Africa, amene panthawiyo anali ku America pothawa ulamuliro wa tsankho. Analandira mphoto ya Emmy pamodzi ndi Gerald Fried amene analemba nyimbo za magawo enawo. Letta Mbulu yemweyo ndi amene mumamumva akuimba Chiswahili mu Liberian Girl ya Michael Jackson.

Michael anakumana naye pa ntchito mu filimu ya The Wiz ya 1978. Filimuyo sinachite bwino pamsika, koma Quincy anaona mmene mnyamatayo ankalimbikira. Michael atafuna pulodyusa wa chimbale chake, akuluakulu ena a kampani ya Epic anakayika, akuti Quincy ndi wa jazz, sangapange zovinitsa achinyamata. Michael anakakamira. Off the Wall inatuluka mu 1979, Thriller mu Novembala 1982, Bad mu 1987.

Ndiye funso n'loti, pa Thriller Quincy anachitapo chiyani, poti woimba ndi Michael? Ine ndimamuona ngati siginala pa chilimira. Sakoka ukonde, koma ndi amene amadziwa pamene pali nsomba ndi nthawi yoti alovi akoke. Choyamba anasankha anthu. Injiniya wa mawu anali Bruce Swedien, amene anadziwana naye kuyambira m'ma 1950. Wolemba nyimbo ya Thriller yeniyeniyo anali Rod Temperton, mzungu wa ku Cleethorpes ku England, amene asanatchuke anagwirapo ntchito mu kampani ya nsomba ku Grimsby. Inde, munthu wa fungo la nsomba ngati ife, ndipo ndi yemweyo analemba Rock with You. Pa Beat It Quincy ankafuna nyimbo yoti ndi okonda rock omwe aimve, ndiye anaimbira foni Eddie Van Halen kuti adzalize gitala, ndipo anadzaliza osalipiritsa. Mawu oopsa a kumapeto kwa Thriller anaitanira Vincent Price, mdala wa mafilimu oopsa.

Chachiwiri anasankha nyimbo. Anamvetsera zambirimbiri n'kusiya 9 zokha. Chachitatu, anadziwa nthawi yonena kuti ayi, sizinapse. Atamaliza kusakaniza koyamba anamvetsera chimbale chonse, ndipo chinamveka chofooka. Vuto lina linali la umakaniko weniweni: pa chimbale cha pulasitiki chija mawu amakhala m'timizere, ndipo ukaunjika mphindi zambiri mbali imodzi timizere timapanikizana, mawu n'kuchepa mphamvu. Anapuma masiku angapo, n'kubwerera kudzadula zina ndi kusakanizanso nyimbo imodziimodzi, tsiku loti chimbale chiperekedwe litafika kale. Swedien ankanena kuti Billie Jean anaisakaniza maulendo 91, pomaliza Quincy n'kunena kuti abwerere pa yachiwiri ija. Komanso si nthawi zonse mkuluyu ankapambana mkangano. Ankafuna kufupikitsa chiyambi cha Billie Jean, Michael anakana poti ndi chimene chimamuvinitsa, ndipo Quincy anagonja. Lero aliyense amaizindikira nyimboyo ndi chiyambi chomwecho. Pa nyimbo 9 zija, 7 zinalowa m'gulu la khumi zotsogola ku America, chimbale chinakhala pa nambala 1 kwa masabata 37, ndipo mpaka lero chimawerengedwa kuti ndi chimene chinagulidwa kwambiri padziko lonse.

Koma tisamupake mafuta okhaokha. Nyimbo yoyamba pa chimbalecho, Wanna Be Startin' Somethin', inatenga kachigawo kofanana ndi ka mu Soul Makossa ya 1972 ya Manu Dibango wa ku Cameroon, popanda dzina lake kulembedwa. Dibango sanangodandaulira kubala. Anapita nayo kwa maloya, ndipo mbali ya Michael inamulipira nkhani isanagamulidwe ndi khothi. Anatha kutero chifukwa nyimbo yake inali yodziwika mwini wake.

Usiku wa pa 28 Januwale 1985 ndi umene unaonetsa luso lake lina, loweta anthu otchuka. Ku Ethiopia kunali njala yoopsa. Harry Belafonte anabweretsa ganizo, Michael Jackson ndi Lionel Richie analemba We Are the World, ndipo oimba oposa 40 anasonkhana ku A&M Studios ku Los Angeles atangochoka kumwambo wa American Music Awards. Munali Stevie Wonder, Tina Turner, Diana Ross, Bruce Springsteen, Bob Dylan, Ray Charles ndi ena. Pakhomo panapachikidwa chikwangwani chouza aliyense kuti matama awasiye panja. Amene anayesapo kuyendetsa kwaya ya anthu khumi akudziwa mmene mitu imavutira. Apa aliyense anali mfumu kwawo, usiku unali umodzi wokha, ndipo Quincy ndi anzake anali atakonzeratu kuti mzere uti aimba ndani, aima pati. Anamaliza kutacha. Ntchito imeneyo inasonkhanitsa madola oposa 60 miliyoni.

Chaka chomwecho analowa mu upulodyusa wa filimu yeniyeni, The Color Purple, yochokera m'buku la Alice Walker, wotsogolera Steven Spielberg. Ali mu hotela ku Chicago anatsegula TV n'kuona mayi wina akuyendetsa pulogalamu ya m'mawa ya mumzindamo, ndipo anati ameneyu akuyenera kusewera mufilimuyi. Anali Oprah Winfrey, asanadziwike kunja kwa dera lake. Filimuyo inasankhidwa m'magawo 11 a Oscar koma sinapambane ngakhale limodzi. Zimachitika.

Mu 1990 kampani yake inatulutsa The Fresh Prince of Bel-Air pa NBC. Will Smith anali rapa woti ndalama zamuthera, a msonkho ali pakhosi, ndipo anali asanakhalepo mutu wa sewero lililonse. Will amasimba yekha kuti paphwando kunyumba kwa Quincy anauzidwa kuti ayese kusewera pomwepo, pamaso pa mkulu wa NBC. Anapempha masabata oti akonzekere, Quincy n'kumupatsa mphindi khumi. Sewerolo linayenda zaka 6, magawo 148. Nthawi imene akuluakulu ambiri ankanyoza rap, iye anaika Ice-T, Melle Mel ndi Kool Moe Dee pa chimbale chimodzi ndi Miles Davis ndi Ella Fitzgerald, Back on the Block ya 1989, ndipo mu 1993 anayambitsa magazini ya Vibe. Analinso ndi kampani yakeyake ya zimbale, Qwest, kuyambira 1980. Munthu amene anatsala pang'ono kumira ndi ngongole mu 1960 tsopano anali mwini zida.

Mtengo wake unalipo. Anakwatira katatu, maukwati onse n'kutha, anabereka ana 7, ndipo mwini wake ankavomereza kuti ntchito inkamudyera nthawi ya pakhomo. Mu 1986 mutu unatopa mpaka anapita kukapuma ku Tahiti, pachilumba cha mnzake Marlon Brando. Amene muli ndi bando onerani filimu ya moyo wake ya 2018 pa Netflix, yotchedwa Quincy, imene mwana wake Rashida Jones anatsogolera nawo. Zimenezi sanazibise.

Nkhani yomaliza ndi ya pepala. Michael atamwalira mu 2009, oyang'anira chuma chake anagwiritsa ntchito nyimbo zija mufilimu ya This Is It ndi m'masewero a Cirque du Soleil. Mu 2013 Quincy, ali ndi zaka 80, anawatengera kukhothi kuti sanamupatse gawo lake lonse. Chimene anaima nacho ndi makontirakiti amene anasainidwa mu 1978 ndi 1985. Mu 2017 khothi linamupatsa madola 9.4 miliyoni. Mu 2020 khothi la apilo linachotsapo pafupifupi 6.9 miliyoni, poona kuti mawu a m'kontirakiti sankamupatsa zimenezo. Onani bwino apa: zimene anapambana zinali zolembedwa, zimene analuza n'zimene sizinalembedwe momveka. Ngakhale dzina la Quincy Jones silinakwane kulowa m'malo mwa pepala.

Ndiye kwa inu a mabiti, mawu anga ndi awa. Nyimbo isanatuluke mu laputopu, khalani pansi ndi woimba. Lembani, ngakhale pa pepala la m'kope, kuti biti wapanga ndani, mawu walemba ndani, ndalama ya lero ndi ya kujambula kokha kapena wagulitsiratu zonse, ndipo ikadzalira pa wailesi kapena pa intaneti mugawana bwanji. Sainani nonse, mboni ikhalepo, aliyense ajambule pepalalo pa foni. Dzina lanu lilembedwe pa chithunzi cha nyimbo, osangodalira kakufuula ka kumayambiriro kwa biti. Funsani za kulembetsa ku COSOMA, ndi ntchito yawo imeneyo. Kukamba za ndalama nyimbo isanatchuke si kuipa mtima, chibale chimatha mukadzakamba itatchuka kale. Komanso pepala lopanda luso ndi pepala chabe. Phunzirani makodi pa kiyibodi, mvetserani nyimbo zosiyana ndi zanu, ngakhale beni ndi malipenga a kwathu kuno, ndipo nyimbo ikakhala kuti sinapse nenani kuti sinapse, ngakhale woimba akhale mlamu wanu.

Ndathera pano, m'mawa pali injini ziwiri zikundidikira. Amene muli ndi mnzanu wa situdiyo amene sali mu gulupu ino, mutumizireni.